Mawu ofanana nkhope pa zikwangwani za Lusaka

Mukatsika minibasi pa City Market n'kudula wapansi kudutsa Freedom Way ndi Chachacha Road mpaka kutulukira mu Cairo Road, muziyenda maso ali pa zikwangwani. Masitolo ogulitsa makope, zolembera, maenvulopu ndi mapepala a fotokope ali mbwee m'misewu imeneyi. Ena analemba pakhomo kuti "stationery", ena "stationary", ndipo si zachilendo kupeza sitolo imodzi ili ndi zonse ziwiri, china pamwamba pa chitseko, china pa lisiti. Wogula sasokonezeka. Amalowa, amagula kope la mwana, amatuluka. Koma mwana yemweyo akaphonya chilembo chimodzicho pa mayeso a Giredi 12, cholembera chofiira sichimumvera chisoni.

Chimene ambiri sitidziwa n'chakuti mawu awiriwa ndi a mimba imodzi. Onse anachokera ku liwu la Chilatini lakuti "statio", malo oimapo kapena okhazikikapo, komwenso kunachokera siteshoni yathu ya basi ndi ya sitima. Kalekale ku Ulaya, makina osindikizira asanabwere, mabuku ankakopedwa pamanja ndipo malonda ambiri ankayenda ndi anthu oyendayenda, katundu ali kumsana. Koma pafupi ndi mayunivesite akale monga a Paris, Bologna ndi Oxford panali ogulitsa mabuku amene analoledwa kukhala pamalo amodzi. Wotereyu ankatchedwa "stationarius", ndipo m'Chingerezi anakhala "stationer". Ku London amalonda amenewa anapanga bungwe lawo mu 1403, ndipo mu 1557 analandira chikalata cha ufumu chowapatsa mphamvu pa ntchito yosindikiza mabuku. Katundu wa "stationer" ndiye "stationery". Liwu linalo, lokhala ndi "a", linatsala ndi tanthauzo loyambirira la chinthu choima, monga lole yofera pamsewu imene timamva m'malipoti a apolisi kuti basi yaiwomba usiku.

Munthu wa mu Lusaka safunika kuuzidwa kawiri kusiyana kwa wamalonda wa m'sitolo ndi wa m'mbali mwa msewu. Tinaona ndi maso athu mu Januwale 2018, kolera itavuta, asilikali akuchotsa mavenda m'tauni pomwe a m'masitolo anatsala. Mwana wa ku Kabwata mukamuuza nkhani imeneyi, n'kumuonetsa kuti "baker" amakhala ku "bakery", "butcher" ku "butchery" kumene amayi ake amamutuma nyama, ndipo "stationer" amagulitsa "stationery", chilembo chija sadzachiphonyanso.

Ndikulemba izi chifukwa pali khalidwe limene limandipweteka. Munthu ajambula chikwangwani cholakwika cha mayi wogulitsa ndiwo kapena cha mnyamata womata matayala, n'kuchiponya pa Facebook kuti anthu aseke. Osekawo, ambiri mwa iwo, sangathe kunena chifukwa chake liwulo limalembedwa mmene limalembedweramo. Analoweza basi, mwinanso ndi mkwapulo. Chingerezi chili ndi mawu ambirimbiri ofanana nkhope, ena achibale enieni, ena ongokumana panjira, ndipo lililonse lili ndi mbiri yake. Amene waimva mbiriyo amalemba molondola mosavutika, ndiponso mtima wonyoza mnzake umamuthera.

Tengani saluni. Mumsika wa Kabwata Loweruka m'mawa, mudzapeza timashopu tandandalika, mkati mayi ali pampando wapulasitiki, atsikana awiri akumuluka mbali ndi mbali, mesh ili lende pa msomali, wailesi ikulira. Pakhoma panja pali nkhope zitatu zopenta ndi manja, iliyonse ndi malukidwe ake, ndipo pamwamba pake analemba ndi utoto wofiira kuti "Hair Saloon". Ku Woodlands ndi ku Kabulonga, m'mashopu a magalasi, mudzawerenga "Salon". Anthu amathamangira kunena kuti a ku Kabwata analakwitsa chifukwa "saloon" ndi bala ya m'mafilimu a makauboyi. Zoona zake si choncho kwenikweni. Liwuli ndi limodzi. Linachokera ku Chitaliyana "salone", chipinda chachikulu, n'kudzera ku Chifalansa "salon". Angerezi atalitenga m'zaka za m'ma 1700 analitalikitsa kukhala "saloon", monga anachitira ndi "ballon" imene inakhala "balloon". Kuyambira pamenepo chipinda chilichonse chachikulu cholandiriramo anthu chinatchedwa choncho: cha m'sitima yapamadzi, cha m'sitima yapamtunda, chomweramo mowa ku America, ngakhale galimoto yotseka imene mpaka lero timaitcha saluni. Ku Britain m'nthawi ya Mfumukazi Victoria malo ometera ankalembedwa "hairdressing saloon" popanda wodabwa, ndipo ku India akulembabe choncho. "Salon" inadzapambana pambuyo pake chifukwa chilichonse chomveka Chifalansa chinkaoneka chapamwamba pa nkhani ya kudzikongoletsa. Wolemba zikwangwani wa ku Kabwata anasunga Chingerezi chimene atsamunda anabwera nacho. Mwana wa sukulu alembe "salon" pa mayeso, inde, koma asachite manyazi ndi chikwangwani cha amayi ake.

Pa Independence Avenue pali mawu ena awiri amene amakhala moyandikana. Ku Civic Centre kuli Lusaka City Council, khonsolo ya mzinda, kumene timalipira ziphaso za malonda ndi misonkho ya nyumba. Mukapitirira chakum'mawa mumsewu womwewo mufika ku makhoti akuluakulu, kumene woweruza amatchula loya kuti "counsel", ndipo maloya amene Pulezidenti wawalemekeza amaika zilembo SC kumapeto kwa dzina, kutanthauza State Counsel. Awa si achibale. "Council" inachokera ku "concilium", msonkhano wa anthu oitanidwa pamodzi. "Counsel" inachokera ku "consilium", uphungu, ndipo mbale wake ndi "consult". N'chifukwa chake khansala amene munamuvotera m'wadi mwanu ndi "councillor", pomwe amene amakukhazikani pansi ku kiliniki musanayezetse magazi ndi "counsellor". Angerezi enieniwo anawasakaniza mawuwa kwa zaka mazana angapo, mpaka m'ma 1500 pamene anayamba kuwapatula. Ngati alembi a m'nyumba za mafumu a ku England ankapunthwa pamenepa, n'chifukwa chiyani timuseke mtsikana amene wangomaliza kumene sukulu ku Chelstone?

Koma liwu limene lili ndi mbiri yolemera kuposa onse, kwa ife a mu Lusaka, ndi "compound". Limalembedwa chimodzimodzi paliponse, koma ndi mawu awiri osiyana kotheratu.

Loyamba alimi amalidziwa bwino. Thumba la feteleza wokulitsa chimanga limalembedwa Compound D, ndipo manambala 10-20-10 amene ali pathumbapo akunena za michere itatu yosakanizidwa pamodzi. Amene anatengapo ngongole ku banki amalidziwanso, pa chiwongoladzanja chimene chimaberekerana pamwamba pa chinzake. Ili linachokera ku Chilatini "componere", kuika zinthu pamodzi, kudzera m'Chifalansa chakale.

Lachiwiri ndi limene tinalisandutsa komboni, ndipo silinachokere ku Ulaya n'komwe. Gwero lake ndi Chimalaya, chinenero cha ku Malaysia ndi Indonesia, kumene "kampung" ndi mudzi kapena malo otchingidwa. Amalonda achizungu amene anafika kumeneko m'zaka za m'ma 1600 anatenga liwuli n'kumatchulira mpanda umene ankasungamo nyumba ndi katundu wawo, ndipo m'kamwa mwa Angerezi linakhota n'kufanana ndi liwu limene ankalidziwa kale. Kuchoka apo linakhazikika ku India, kenako linawoloka nyanja kufika ku South Africa. Kumeneko linasintha nkhope. Pa migodi ya dayamondi ya ku Kimberley, m'zaka za m'ma 1880, makampani monga De Beers anayamba kutsekera antchito akuda m'mipanda kwa nthawi yonse ya kontrakiti yawo, ati kuopa kuti angabe miyala. Mipanda imeneyo ndiyo inatchedwa "compound". Dongosolo losunga antchito pamalo amodzi moyang'aniridwa ndi bwana linafalikira ku migodi ya golide ya ku Joni, kumene agogo athu ambiri a ku Chipata, ku Malawi ndi ku Tete anakataya thukuta lawo, mpaka linafika ku migodi ya mkuwa ya kwathu kuno.

Lusaka atakhala likulu mu 1935, kulowa m'malo mwa Livingstone, mzindawu unamangidwa mogawa anthu. Azungu anapatsidwa madera a mitengo ndi mabwalo aakulu chakum'mawa, ndipo sukulu zimene lero timazitcha Kabulonga Boys ndi Kabulonga Girls zinali Gilbert Rennie ndi Jean Rennie, za ana achizungu. Antchito akuda anaikidwa m'tinyumba tozungulira ta udzu monga tija tochepa tinatsala pa Kabwata Cultural Village, m'mbali mwa Burma Road, tinzake titagwetsedwa m'ma 1970. Ena anakhala m'misasa ya makampani omanga, ndipo mayina a John Laing ndi John Howard akali pa makomboni athu mpaka lero. Choncho mwana akamayankha kuti "ndimakhala ku komboni", akutchula liwu limene linayenda kuchokera ku midzi ya ku Asia, kudzera m'mipanda ya ku Kimberley, mpaka ku Kanyama ndi ku Chawama. Ine ndimaona kuti phunziro la Chingerezi limene silimuuza mwana zimenezi lamubera kanthu. Likanamuphunzitsa kalembedwe ndi mbiri ya dziko lake nthawi imodzi.

Nanga Chingerezi chinafika bwanji pokhala chosokonekera chonchi? Mu 1066 William wa ku Normandy anagonjetsa England, ndipo kwa zaka pafupifupi 300 Chifalansa chinali chinenero cha mafumu ndi makhoti pomwe anthu wamba ankalankhulabe chinenero chawo chakale. Mawu zikwizikwi analowa, ena kawiri kudzera njira zosiyana. Mu 1476 William Caxton anakhazikitsa makina osindikizira ku Westminster, ndipo pang'onopang'ono kalembedwe kanayamba kuuma. Koma pakamwa sipanaume. M'zaka zomwezo katchulidwe ka mavawelo kanali kusuntha kwambiri, kotero mawu amene poyamba ankamveka mosiyana, monga "meat" ndi "meet", anadzakumana. Chilembo "k" cha mu "knight" ndi "know" chinkatchulidwa, kenako chinasiyidwa, n'kutsala papepala pokha. Akatswiri ena okonda Chilatini anaonjezera vuto poika "b" mu "debt" ndi "doubt" kuti mawuwo akumbutse kumene anachokera. Pofika 1755, pamene Samuel Johnson anatulutsa dikishonale yake yotchuka, zonsezi zinali zitakhazikika kale.

Pamwamba pa zimenezi pali khutu lathu. Chinyanja, ngati Chibemba ndi Chitonga, chili ndi mavawelo asanu, ndipo mmene timalembera ndi mmenenso timatchulira. Chingerezi cha ku England chili ndi mavawelo pafupifupi 20 amene amapanikizidwa m'zilembo zochepa zomwezo. Khutu limene linakula ndi a, e, i, o, u limamva "staff" ndi "stuff" ngati liwu limodzi, chimodzimodzi "live" ndi "leave", "this" ndi "these". Uku si kupusa. Mzungu nayenso amavutika kumva kusiyana kwa mtengo wa m'nkhalango ndi mtengo wa pamsika, kapena khungu la pathupi ndi khungu la maso, pomwe mwana wa zaka zisanu amasiyanitsa ndi kukwera ndi kutsika kwa mawu.

Chitsanzo chimene tonse tinachiona chinabwera ndi mdima. Mu 2024 chilala chitatsitsa madzi ku Kariba, madera ambiri a Lusaka ankaona magetsi maola ochepa patsiku, ndipo m'magulu a WhatsApp a ku Chelstone ndi ku Woodlands anthu ankafunsana za ndandanda ya ZESCO. Ambiri ankalemba "load shading". Loyenera ndi "shedding", kuchokera ku mneni wakale wotanthauza kulekanitsa kapena kutaya, monga njoka ikamafundula. Kampani imatula gawo la katundu amene makina ake sangathe kusenza. "Shade" ndi mthunzi, ndipo munthu amene wakhala mumdima kuyambira m'bandakucha salakwa kwambiri kuganiza za mthunzi. Chodabwitsa n'chakuti pali "shed" ina, shedi yosungiramo chimanga ngati za Food Reserve Agency, ndipo imeneyo ndiyo mbale weniweni wa "shade".

Mawu ena amatisokoneza chifukwa tili pakati pa mitundu iwiri ya Chingerezi. Sukulu zathu, makhoti ndi Examinations Council of Zambia amatsata kalembedwe ka ku Britain. Mafoni ndi makompyuta ambiri amabwera atatcheredwa ka ku America, kamene Noah Webster anakalimbikitsa ndi dikishonale yake ya 1828. Ku Britain laisensi imene mumatenga ku RTSA ndi "licence", koma kupereka chilolezocho ndi "to license". Dzina limatenga "c", mneni "s", monga zilili ndi "advice" ndi "advise", "practice" ndi "practise". Ku America analemba "license" ponseponse. Tayala ndi "tyre" kuno, "tire" uko, ndipo linachokera ku "attire", chovala, chifukwa chitsulo chozungulira gudumu la ngolo chinali ngati chovala chake. "Tire" ya kutopa ndi liwu lina losakhudzana nalo. Muyezo wa chitenje ndi "metre" koma kabokosi ka magetsi pakhoma ndi "meter". Cheke cha ku banki, "cheque", ndi kufufuza, "check", zonse zinachokera ku masewera a chess ndi liwu la Chiperisiya lakuti "shah", mfumu. Ndaonapo achinyamata m'mashopu otaipira makalata m'tauni akusintha kalembedwe kolondola m'kalata yofunsira ntchito chifukwa choti kompyuta yadula mzere wofiira pansi pake. Wotaipa amangoti, "Abwana, makina akana," mwini kalata n'kuvomera. Ndi ntchito ya mphindi imodzi kutchera makinawo pa Chingerezi cha ku Britain, koma palibe anawauza.

Ena tingowadutsa msanga. Mkulu wa koleji ngati Evelyn Hone ndi "principal", ndipo ndalama yeniyeni imene munabwereka kwa wa kaloba, kupatula phindu lake, ndi "principal" yomweyo, chifukwa tanthauzo lake ndi choyamba kapena chachikulu; "principle" ndi mfundo imene munthu amaimapo. Amayi a pa msika wa COMESA amawoloka "border" ku Chirundu, ku Nakonde ndi ku Mwami, koma mwana wogonera kusukulu ndi "boarder", wodya pa "board", thabwa limene kale linali tebulo. FINDECO House ili ndi "storeys" 23, osati "stories". Moni uja timapatsana Januwale yense ndi "compliments", wokhala ndi "i", ngakhale kuti iye ndi "complement" onse anachokera ku liwu limodzi lotanthauza kudzaza.

Chenjezo lilipo kwa okonda nkhani zoterezi: si mbiri iliyonse yokoma imene ili yoona. Ambiri tinamva kuti boma ndi chidule cha British Overseas Military Administration. Nkhaniyi imayenda pakamwa m'mabala ndi m'makalasi momwe, koma ndi yopeka. Boma ndi liwu la Chiswahili lotanthauza mpanda kapena linga, ndipo linalipo atsamunda asanamange maofesi awo ku Fort Jameson, Chipata ya lero. Maofesiwo anatchedwa boma chifukwa oyambirira anali m'malinga. Kufanana kwa zilembo pakokha si umboni, ndipo ili ndi phunziro lomwe lija la "compound".

Kuyambira 1966 lamulo la maphunziro linaika Chingerezi kukhala chinenero chophunzitsira kuyambira Giredi 1. Mu 2014 boma linabweretsa zinenero zathu m'makalasi oyambirira, Chinyanja kuno ku Lusaka, ndipo mkangano wa chinenero choyenera kuyambira nacho sunathe mpaka lero. Akatswiri athu, monga Pulofesa Mubanga Kashoki wa ku University of Zambia, anathera zaka zambiri akufufuza mmene mawu amadutsira malire a zinenero za m'dziko lino. Koma nzeru zimenezo sizinafike kwenikweni pa bolodi. Kumene ndaona, mawu ofanana nkhope amaphunzitsidwabe ngati ndandanda yoloweza: awiriawiri, tanthauzo ili, tanthauzo ilo, mayeso Lachisanu. Pofika Lolemba zonse zauluka.

Sindikunena kuti kalembedwe n'kopanda ntchito. Kalata yofunsira ntchito imene yalemba "principle" pofuna kunena mkulu wa sukulu imatha kutayidwa isanawerengedwe mpaka kumapeto, ndipo amene amalipira mtengo umenewo kawirikawiri ndi mwana wa m'komboni amene kunyumba kwawo kulibe buku. N'chifukwa chake nkhaniyi ndi yofunika kuigwira ndi manja awiri. Mwana wa ku Kabulonga amene amamva Chingerezi patebulo tsiku ndi tsiku amatola kalembedwe mosazindikira. Mnzake wa ku Kabwata Site and Service amafunika chogwirira, ndipo mbiri ya liwu ndi chogwirira chotsika mtengo kuposa zonse. Ngakhale dzina la Chelstone lenilenilo limaoneka pena ndi "e" kumapeto, pena "Chelston", pa minibasi ndi pa zikwangwani zomwe, ndipo mphunzitsi wa kumeneko angayambire pomwepo kuonetsa ana kuti kalembedwe amapanga ndi anthu.

Madikishonale akuluakulu monga Concise Oxford amaika chiyambi cha liwu lililonse kumapeto kwa tanthauzo lake, m'timalemba tating'ono timene ambiri timalumpha. Pa intaneti mbiri zomwezo zimapezeka kwaulere ndi bandulo ya makwacha ochepa. Aphunzitsi a Chingerezi, patulani mphindi zisanu zokha pa phunziro lililonse, mutenge liwu limodzi limene ana amaliona popita kusukulu, muwauze kumene linachokera. Makolo, mwana akakufunsani chifukwa chake "brake" ndi "break" zimalembedwa mosiyana, musamuyankhe kuti ndi mmene zilili. Fufuzani naye limodzi. Ndipo inu amene mwaona cholakwika pa chikwangwani cha mnansi wanu, musatulutse foni. Lowani, mupereke moni, mumuuze mwaulemu.